Anthu Khumi ndi Awiri a Tumbikani

Uthenga uja unalowa pa foni ya Kezia iye akusankha fodya m'chigafa ku Edingeni. Unali ndi chithunzi cha manja opemphera, ndipo unkati: tumizani kwa anthu khumi ndi awiri amene mumawakonda dzuwa lisanalowe, mayi wina anaufufuta, m'bale wake anafera kunja. Kezia anaufufuta pomwepo. Zoterezi zinali zitamufika m'khosi. Dzulo ntchito za ku Dubai, dzana madzi a mandimu ochiza chilichonse.

Tsoka sasimba. Amene anautumiza anali mlamu wake Felesta, yemwenso anamuona akuufufuta, ndipo Felesta sasunga mawu m'kamwa. Pofika masana apongozi, a NyaShaba, anali ataima pakhomo pa chigafa.

"NyaMoyo, mwafufuta? Mbwenu mwana wanga mukumufunira chiyani?"

Tumbikani, mwamuna wa Kezia, anali ku Joni, ndipo miyezi isanu inali itatha foni yake osagwira. Mkamwana sabweza mawu kwa apongozi. Kezia anagwada n'kungoti, "Pepani, amama." Koma ndiwo zimene anawapatulira zinabwerera zosakhudza, ndipo Kezia anachita mantha. Ng'ombe za lobola zinapita kale kwawo. Kukabwera mbiri yoipa kuchokera ku Joni, akanamuloza chala, n'kumubweza kwawo ana ake awiri atatsala.

Anaganiza zoulondola uthengawo ngati mapazi a ng'ombe yobedwa, kuti apongozi amuone ndi maso munthu amene anaupeka. Felesta, milomo itatalika, anati anaulandira kwa Bestone wa kabaza ku Boma.

M'mawa mwake Kezia anamupeza Bestone pa depoti ya Mzimba. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Akutumani apolisi?"

"Ndadzituma ndekha."

"Ine ndangopatsira, mama. Funsani Loyce wa saluni kuseri kwa msika."

Loyce anali kuluka munthu tsitsi. Atamva dzina la mudzi wa Kezia, zala zake zinaima kaye. Anati foni ilibe moto, kenaka anati uthenga anaufufuta. Kezia anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, n'kunena kuti sakufulumira. Mayi wolukidwa uja atayamba kutchera khutu, Loyce anatambasula dzanja n'kumupatsa foniyo.

Nambala imene inatumiza uthengawo inali ya ku Joni. Pa chithunzi panali mwamuna wonenepa bwino, wovala jekete lachikopa, akumwetulira patsogolo pa galimoto ya mwini wake. Kezia anaimba pomwepo.

"Loyce, wauka uli?" anatero mawu amene iye ankawadziwa ngati chikhatho chake.

"Ndine NyaMoyo."

Pa foni pankamveka magalimoto a kumeneko.

"Foni inabedwa," anatero Tumbikani. "Manambala onse anapita."

"Ya Loyce inapulumuka."

Kezia ankayembekeza kuti alira, koma chimene chinabwera ndi mkwiyo wozizira.

"A wiske Wezi," anamuitana ndi dzina la mwana wawo, "uthenga uja munayamba ndinu?"

"Yayi, wina ananditumizira. Ndinaopa chomene. Kuno anthu amafa ngati nkhuku."

"Khumi ndi awiriwo munawakwanitsa?"

"Ndinakwanitsa."

Kezia analemba nambalayo padzanja, nabweza foni osamuyang'ana Loyce.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. A NyaShaba anali pakhonde kutongola chimanga, ndipo sanamupatse moni. Kezia anagwada, anaimba nambala ija pa foni yake, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Ali moyo, amama. Uthenga uja unadutsa m'manja mwawo."

Mayiwo anaigwira foniyo ikulira.

"Nanga ife bwanji sanatitumizire?"

"Unkati atumizire amene amawakonda. Akayankha, muwauze awatchule onse khumi ndi awiri, ife timve."