Oilo wa Alamu pa Bwalo la Magalimoto

Amake mapasa ankadyera bwalo. Nyumba yawo inali kuseri kwa msika, ndipo kutsogolo kwake kunali bwalo la phula lokwana magalimoto asanu ndi atatu. Malo asanu anali a kampani ina yogawa buledi. Mavani amenewo ndi amene ankagula yunifolomu ya mapasa, kulipira magetsi ndi kudzaza gasi. Malo atatu otsalawo anali a anthu obwera lero, mawa osaoneka.

Phulalo linali litakalamba. Linatuwa ngati phulusa, ming'alu inayenda paliponse, udzu n'kumamera m'menemo. Pafupi ndi geti timiyala tinali titayamba kusomphoka.

Bwana wa mavani sanali munthu wobwereza mawu. "Mayi, mvula ikubwerayi pano pakumbika maenje. Konzani mwezi uno. Apo ayi, pamalo omwetsera mafuta paja akhala akutiitana."

Mayiyo sanadabwe. Anali atasunga ndalama chaka chathunthu m'chitini cha mkaka, pamwamba pa kabati. Anaitana bambo wa phula, munthu wamfupi wosaseka, yemwe anayeza bwalo lonse ndi tepi kenako n'kugwada kutokosa mng'alu ndi msomali.

"Pansi pakadali bwino," anatero. "Tizula udzuwu, tichotse fumbi m'ming'alu, tiitseke ndi phula lotentha. Apa pamene mavani amadontheza oilo tipala kaye, chifukwa chopakacho sichigwira pa oilo. Tikatero tipaka kawiri. Masiku awiri pasaponde ngakhale mphaka."

Mtengo wake unali wofanana ndi zomwe mavani ankalipira pa miyezi inayi. Mayiyo anavomera. Anagwirizana za Lolemba.

Amuna awo anamva mtengowo ali pa tebulo, supuni n'kuima m'malere.

"Kupaka kokha? Akupaka golide kodi?"

"Akutseka ming'alu, abambo. Si utoto ayi."

"Mng'ono wanga angachite zimenezo ndi kachidutswa chabe ka ndalamazo. Munthu ali khale pakhomo pompano, inu n'kumakanenepetsa mlendo."

Mng'ono wawoyo ankagona pa sofa chitsekereni galaja imene ankagwirako. Mapasa ankamutchula Injiniya, kuyambira tsiku lomwe anamasula filiji n'kuimanganso, zitsulo zisanu n'kutsala m'manja.

"Alamu, musandiderere," anatero iye, akupala mbale. "Phula ndi phula. Anthu aja amangodulitsa ndi ovolosi."

"Filiji ija inadzukanso?"

"Inali itafa kale imene ija."

"Bwalo lisiyeni," anatero mayiyo, akusonkhanitsa mbale. "Ndanena."

Lachisanu kunabwera uthenga woti mkulu wawo wa mayiyo wagonekedwa m'chipatala. Mayiyo anapita kukadikirira matenda, nagona masiku awiri pa benchi. Lamulungu masana, atangotsika basi pakona, anamva fungo la galaja. Atafika pa geti anaima chilili, chikwama chili m'manja.

Bwalo lonse linali lakuda bii, likunyezimira ngati nsapato za mkwati. Mavani anali ataimikidwa mumsewu. Pambali pa mpanda panali mgolo wamwaye ndi matsache awiri, limodzi linali tsache lawo lakukhitchini. Amuna awo anali pakhonde, atapinda miyendo ngati munthu amene wamanga mlatho.

"Takulandirani, amake mapasa. Mwaona?" Anatulutsa chitini chija. "Zambiri zilimo. Tangotengapo za dizilo ndi kangachepe komuthokoza mnyamatayu."

"Mwapaka chiyani?"

Injiniya anayankha yekha, manja ali m'chiuno. "Oilo wakutha, alamu. M'magalaja amangotaya, ndatenga ulere. Ndasakaniza ndi dizilo kuti alowerere bwino, n'kusungunuliramo phula pang'ono. Madzi sangalowe apa, olo zaka khumi."

Mayiyo anaponda ndi nsonga ya silipasi. Pochotsa phazi, silipasi inatsala.

"Sipanaume," anatero Injiniya. "Mawa pakhala gwa."

M'nyumba, mapazi akuda anayenda kuchokera pakhomo mpaka kubafa, n'kubwerera. Masokosi oyera a mapasa anali m'beseni, ndipo sanali oyeranso. Mayiyo sanakalipe. Anali atatopa kwambiri moti kukalipa kukanakhala ntchito inanso.

Lolemba m'mawa bambo wa phula anafika ndi kalole kake, monga mwa pangano. Sanatsitse kanthu. Anatola kamtengo, n'kukanda pansi. Timiyala tinatuluka mosavuta, ngati akukanda phala.

"Ndani wachita izi?"

"Alamu anga."

"Mayi, chimene chimagwira timiyalati ndi phula. Oilo ndi dizilo zimasungunula phula. Ndinakuuzani kuti tipale kadontho ka oilo kaja, ndiye awa athira bwalo lonse." Anapukuta kamtengoko pa udzu. "Apa palibenso chopaka. M'pofunika kugumula, kutaya, n'kuthira latsopano."

"Zingati?"

Anatchula. Kanali kanayi mtengo woyamba uja.

Amuna awo anaseka chapansipansi. "Mwamva? Akungofuna kutidyera. Nsanje ya ntchito imeneyi."

Bambo wa phula anawayang'ana, kenako anayang'ana mayiyo. "Pepani, mayi. Thirani mchenga, umweko pang'ono. Koma si mankhwala ayi." Anakwera kalole kake n'kumapita.

Mavani anagona mumsewu mpaka Lachitatu, pamene wina anathyola kalilole wa imodzi. Madalaivala anati zakwana, n'kulowetsa magalimoto. Dzuwa la tsiku limenelo linali loswa mtengo. Pofika madzulo matayala anali atamira pang'ono, ndipo m'mawa potuluka anang'amba bwalo, n'kusiya mizere ngati munda wolima ndi thirakitala. Dalaivala wina anaterereka atanyamula makireti, buledi n'kumwazika pa oilo. Wina analowa ndi nsapato za oilo mu ofesi ya bwana wawo, momwe munali kapeti.

Bwanayo anabwera yekha Lachinayi. Sanalowe. Anaima kunja kwa geti, akuyang'ana kumene akuponda.

"Ndinati mukonze, mayi."

"Ndipatseni mwezi umodzi, bwana. Ndipeza njira."

"Njira yake iti?"

Mayiyo sanafune kunama. Zaka zisanu ndi chimodzi anali asanachedwepo kutsegula geti, mvula kaya mphepo, koma anaona kuti kunena zimenezo n'kungotaya malovu. Bwanayo anavula makiyi asanu a geti pa waya wake, mmodzimmodzi, n'kuwaika m'dzanja lawo.

"Ndilibe nanu chifukwa. Koma buledi sayenda ndi chisoni."

Madzulo ake mayiyo anagula mchenga wa mawilibala khumi, n'kuyamba kumwaza ndi fosholo. Msana unkawotcha. Injiniya anatuluka akutokosa m'mano, n'kuyang'ana ntchitoyo ngati kapitawo.

"Mukudziwa, alamu, vuto ndi dzuwali. Tikanathirako simenti pamwamba..."

"Injiniya."

"Alamu?"

"Tengani chikwama chanu. Sofa ija ndikuifuna."

Amuna awo anadzambatuka pakhonde. "Aa, amake mapasa, musamuyalutse pamaso pa ana. Munthu amafuna kuthandiza. Chibale ndi fupa, sichiwola."

"Ndiye mudzaphike fupalo mwezi wamawa, ana adye."

"Apita kuti usiku uno?"

"Kumene mavani apita. Mwina kumeneko akufuna injiniya."

Palibe amene anasuntha. Mayiyo ankadziwa kale mmene zithere: amuna awo akhala chete masiku atatu, apongozi aimba foni kulira, ndipo mlamuyo agonabe pa sofa, mapazi ali pa khushoni. Analowetsa fosholo m'mchenga n'kumwazanso. Mchengawo unkagwa woyera, ndipo asanatembenuke kutapa wina unkakhala utada kale.

Mmodzi wa mapasa anasuzumira pazenera. "Amayi, aphunzitsi akuti mawa aliyense abwere ndi masokosi oyera."

"Uwauze kuti ndamva," anatero mayiyo, n'kukankha wilibala.