Mkanda Wofiira wa Achimwene

Kochi Whitcomb anafika m'mudzi mwathu thukuta lili kamukamu, akuseka ndi mano onse. Anachokera ku koleji ina yaikulu ya ku America kudzaona Malaki, mwana wa achimwene anga a Pelenato. Mwanayo ndinamulera ndine mayi ake atamwalira, ndipo ndikamati pachilumba chonse cha Tutuila panalibe mnyamata wogwetsa anzake pampira wa ku America wogwetsana uja ngati iye, sindikukokomeza.

Tinamulandira monga mlendo amalandiridwira kwathu kuno. Nkhumba inaphedwa, akuluakulu anakhala pamphasa, n'kumwa ava, chakumwa chathu cha pamwambo. Iye analonjeza pamaso pa onse kuti Malaki akaphunzira ulere, chakudya ndi pogona zonse za koleji, bola azikawasewerera mpira.

"Mwanayu tsopano ndi wanga," anatero, dzanja lili pamtima. "Bambo, ine ndi inu ndife banja limodzi."

Achimwene anavula mkanda wawo wofiira, umene amavala poyankhula pabwalo, n'kumuveka m'khosi. Mkandawo unali wa malemu bambo athu.

Pambuyo pake makoleji ena awiri anaimba foni, nawonso akumufuna Malaki. Achimwene anawakana onse mwaulemu.

"Achimwene, pepala lenileni simunasaine," ndinawauza. "Musatseke makomo onse."

"Mlongo, munthu tinamwa naye ava. Ukufuna ndizitsatsa mwana uku ndi uku ngati nsomba ya pamsika?"

Patatsala pang'ono kuti achimwene asaine, Whitcomb anasamukira ku koleji ina yolipira bwino. Ife a banja lake tinamvera pa TV. Kochi amene analowa m'malo mwake sanadzivutitse n'komwe kuimba yekha. Anatuma womuthandiza, amene ankayankhula akutafuna chinachake, kuti abwana atsopano akufuna anyamata opepuka othamanga, ndiye malo a Malaki apatsa wina. Malaki anaimbira makoleji awiri aja, koma anali atadzaza kale.

Analowa ntchito kufakitale ya nsomba za m'zitini. Ankabwera akununkha nsomba mpaka m'tsitsi, komabe m'mawa uliwonse ankamangirira tayala m'chiuno n'kulikoka kukwera nalo chitunda, kuti thupi lisafooke. Phokoso la tayalalo ndi limene linkandidzutsa.

Chaka chitatha, tinamva kuti Whitcomb akubweranso, ulendo uno kudzaona Sefo, mwana wa a Ioelu oyandikana nafe. Akazi awo anandipempha kuti ndikathandize kuphika. Ndinakana. Ndiphikirenso fisi ameneyo?

"Mlongo, pita," achimwene anandichonderera, mawu ali pansipansi. "Akamuona Malaki akumbukira. Mwina kumene aliko tsopano kuli malo."

Ndinapita, mtima ukuwira. Malaki ndinamusitira malaya ake oyera a kutchalitchi, ndipo tinagwirizana kuti mbale ya mlendo akapereke ndi iye.

Whitcomb anatsika m'galimoto mkanda wa bambo athu uli m'khosi, pamwamba pa malaya a koleji yatsopanoyo. Atamwa ava, anaika dzanja pamtima paja.

"Mwanayu tsopano ndi wanga," anauza a Ioelu. "Ine ndi inu ndife banja limodzi."

"Koma bambowa ali ndi ana angati?" ananong'oneza mayi wina kukhitchini. "Abulahamu achepa!"

Azimayi anaseka atagwira pakamwa. Ine sindinaseke, maso anga anali pa Malaki. Anayenda chowerama pamaso pa akuluakulu, n'kugwada, n'kuika mbale ya nkhumba ndi masamba a koko patsogolo pa mlendo. Achimwene anali atakhala pambali pomwepo, atawongola msana, akudikira.

Whitcomb anakweza maso. Anamugwira Malaki mkono n'kuufinyafinya ngati akusankha nkhumba yoti agule.

"Eee, chimphona ichi! Umasewera mpira iwe?"

"Ndinkasewera, bwana."

"Uli kalasi yanji?"

"Sukulu ndinamaliza chaka chatha, bwana."

"Aaa, zachisoni," anatero, akunyema nyama ndi zala, mafuta akudonthera pamkanda. "Unkabisala kuti? Ndikanakuona chaka chatha, ndikanakutenga tsiku lomwelo."

A Ioelu anayang'ana kudenga. Achimwene anaweramitsa mutu, akutosatosa mphasa ndi chala, ndipo sanaudzutsenso mpaka mlendo ananyamuka. Ndinkafuna kukamuthira msuzi wotentha pankhope yosekererayo, koma mwambo wathu womwewo, umene iye ankaudya ngati nyama, unandimanga miyendo.

"Zikomo, bwana," anatero Malaki. Kenako anapita kukatenga madzi oti mlendo asambe m'manja, n'kumugwirira beseni mpaka anamaliza.

M'mawa mwake ndinadzuka mochedwa, chifukwa panalibe chondidzutsa. Nditatuluka ndinaona tayala lija lili pakhomo pa a Ioelu, chingwe chake atachipinda bwinobwino pamwamba. Malaki anali akumanga nsapato za kufakitale.

"Sefo alifuna, azakhali," anatero osandiyang'ana. "Koma mukamuuze kuti makoleji ena akaimba foni, aziyankha."