Ana Makumi Anayi, Bambo Mmodzi

Madamu anafika kusukulu atanyamula wotchi yapakhoma ya kunyumba kwawo ndi nsalu yapatebulo. Kunali kutatsala masiku anayi kuti ana awo a Fomu 4 akayesedwe kulankhula Chingerezi, aliyense payekha, mphindi zisanu pamaso pa mlendo. Tsikulo linali loyeserera, ndipo mlendo wake anali Ahedi.

Ahediwo anali atanena mosapita m'mbali: akapanda kukhutira, kalasiyo ailanda n'kuipereka kwa mphunzitsi wina wokhalitsa pantchito. Madamu sanade nkhawa. Miyezi itatu yathunthu anawasula anawo. Ankalemba yankho labwino pabolodi, ana n'kulikopera, kenako kulibwereza onse pamodzi mpaka mawindo kunjenjemera. Ngakhale alonda a pageti anali atayamba kulidziwa.

Anayala nsalu, kutsamiritsa wotchi pabokosi la choko, n'kukhazika Ahedi pampando.

Woyamba anali Wailesi, mtsikana amene pakamwa pake sipadziwa tchuthi. Ahedi anamufunsa m'Chingerezi za banja lakwawo. Eee, mwana anatsetsereka! Bambo ake ndi atelala, amasoka pakhonde la sitolo, magalasi awo anathyoka mwendo umodzi ndipo anaumanga ndi ulusi wofiira. Osaphonya ngakhale liwu. Madamu anachita kukhalira manja kuti asaombe.

Wachiwiri anali Goloboyi, wa timu ya sukulu. Nayenso bambo ake anali atelala, a pakhonde la sitolo, a ulusi wofiira.

"Atelala achuluka chaka chino," anatero Ahedi, akulemba.

Wachitatu anali Chitsirizira, mwana wawo weniweni wa Ahediwo. Anakhala bwinobwino, kuwayang'ana bambo ake m'maso monga anaphunzitsidwira, n'kuwauza kuti bambo ake ndi atelala.

Ahedi anaika cholembera pansi. "Iwe, ine ndinayamba liti kusoka?"

Kalasi inaphulika.

"Ndi mmene zilili m'kope, adadi."

"Muno ndine Ahedi."

"Ndi mmene zilili m'kope, Ahedi."

Madamu anayang'ana pabolodi. Atelalawo anali bambo awo a iwo eni. Anawalemba pabolodi ngati chitsanzo chabe, ana makumi anayi n'kuwatenga onse ndi ulusi womwe. Akamabwereza pamodzi zinkamveka bwino moti sanaganizepo zofunsa mmodzi payekha.

"Woyesa akamva zimenezi kachitatu, onse awalembera ziro," anatero Ahedi akudzuka. "Zoloweza salandira. Madamu, tionane ku ofesi."

"Mphindi khumi zokha, Ahedi. Khalani kaye." Anatembenukira kalasi. "Makope onse pansi! Wolankhula chakwathu asesa sabata yonse."

Analoza Wailesi, n'kumuuza m'Chingerezi kuti amva zoti azakhali ake ogwira ntchito pasaluni amawotcha anthu makutu.

Wailesi anadzambatuka. Chingerezi chinatuluka chopindikapindika, china chikugwa panjira, koma chinatuluka. Azakhali ake sanawotchepo munthu! Kasitomala uja anatembenuka yekha pofuna kumva miseche ya pampando winawo! Mawu ena atamusowa anawasonyeza ndi manja, Goloboyi n'kumuponyera loyenera, iye kuliwakha osaima. Atamaliza anali wefuwefu, kalasi ikumenya madesiki.

"Tsopano iwe," anatero Madamu kwa Chitsirizira. "Bambo ako enieni."

Mwanayo anayamba monyinyirika. Bambo ake ndi aphunzitsi. Ndi aatali. Kenako anangoti maso gwa pa Ahedi, lilime n'kumasuka. Lolemba lililonse m'mawa amaima pagalasi atavala jekete, tayi ndi kabudula, n'kumayeserera zokalankhula pa asembule. Amakalipira mpando kuti wachedwa. Mphaka akalowa amamufunsa kuti yunifolomu ili kuti.

Ana ena anagwera pansi ndi kuseka. Madamu analuma mpango.

"Basi, basi, zakwana," anatero Ahedi.

"Kwatsala mphindi ziwiri, Ahedi. Woyesa sadula mwana pakamwa."

Ahedi anapirira mphindi ziwirizo ngati munthu amene akuzulidwa dzino. Anamva za nyimbo za m'bafa, anamvanso za maswiti obisa m'thumba la jekete. Nthawi itakwana anawerama papepala, kulemba, kufufuta, kulembanso.

"Walakwitsa kasanu ndi kawiri," anatero kwa mwana wawoyo. "Koma wakhoza. Wailesinso wakhoza." Anapinda pepala n'kuyang'ana Madamu. "Kalasi ndi yanu. Mwatsala ndi ana makumi atatu ndi asanu ndi atatu, masiku anayi. Iwe Chitsirizira, tikakambirana kunyumba."

"M'Chingerezi, Ahedi?" anafunsa mwanayo.

Ahedi anatuluka, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Madamu atacheuka anapeza manja ali m'mwamba kalasi yonse, ena ataimirira pamipando.

"Madamu, ine! Agogo anga anathamangitsapo wakuba ndi ambulera!"

"Usandiuze ine. Khala apo, uuze mpando wa Ahediwo m'Chingerezi, ndiwo mlendo wako."