Dokotala Wosabaya Jekeseni

Japhet Mbao atabwera kwao ku Msoro kuchokera ku Mangalande mu 1972, mbiri inali itafala kale yoti tsopano ndi dokotala. Inali nyengo yotola thonje. M'mawa mwake anapeza odwala atakhala pakhomo pa amayi ake, a Tabeth.

Anawauza kuti udokotala wake si wa jekeseni, koma wofufuza tizilombo tosaoneka totchedwa mabakiteriya. Ambiri anachoka akung'ung'udza kuti sukulu yamupatsa matama. Anatsala ndi Edith, msuweni wake, ali ndi mwana wotsekula m'mimba, maso atalowa. Japhet anawakweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo njira yonse manyazi anamugwira.

Masana, akusankha thonje ndi amayi ake, iwo anamufunsa chimene amachita kwenikweni kwa azunguko.

Japhet anasolola ulusi m'thonje. Anati m'kachilombo kalikonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA, wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha zobwerezabwereza. Mulinso kanthu kena kogwira ntchito, asayansi amati enzaimu, kamene kamayenda paulusiwo kufunafuna pamene zilembo zingapo zandondozana mwa dongosolo lake. Kakapapeza kamamatapo kachizindikiro. Kenanso n'kodula: ulusi wachizindikiro kamausiya, koma wachilendo, wolowa ndi vairasi, kamauduladula. Iye ankafuna kudziwa mmene koyambako kamazindikirira malowo pakati pa zilembo mamiliyoni, kalibe maso.

"Unakaonapo iweyo?" anafunsa a Tabeth.

"Ayi, Amayi. Timangoona zimene kachita."

"Nanga mwana wa Edith zimuthandiza?"

Japhet anayankha kuti, "Lero ayi. Mwina ngakhale m'tsogolo ayi. Sindingakunamizeni."

A Tabeth anapitiriza kusankha thonje.

Mwana uja anachira ndi mankhwala a manesi. Ndiye kunabwera malume ake a Japhet, a Boston, amene kale anali sikauti wolondera nyama zakutchire ku Mnkhanya. Anati dziko n'latsopano, boma likusowa ophunzira, Japhet asabwererenso ku Mangalande. Japhet sanatsutse, pakuti nayenso mtima unali pawiri. Amene anayankha ndi a Tabeth. Anauza alongo awo kuti zimene mwana wawoyo anafotokoza sanazimvetse, koma nkhope yake pofotokoza anaiona, ndipo akamutsekereza adzakhala nawo thupi lokha.

Japhet anakwera lole ya thonje kupita ku Chipata, nabwerera kunja. Anafufuza zaka zingapo, yankho osalipeza. Kenaka anabwera kudzaphunzitsa ku Lusaka, ndipo tchuthi chilichonse ankapita ku Msoro mpaka amayi ake anamwalira.

Ali ndi imvi kale, anawerenga kuti asayansi ena apeza mmene enzaimu ina yotere imachitira: imafumbatira ulusi, n'kupindira chilembo chimodzi kunja, n'kuchimata chizindikiro. Anawerenga kawiri, nadabwa kuti nsanje sanamve. Tsiku limenelo anasiya phunziro limene anakonza, n'kujambulira ophunzira ake zimenezo pabolodi mpaka belu linalira.