Kubweza Dzina la Che Halidi

Mlongo wanga anabatizidwa Benedicto Maluwa, koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri anthu ankamudziwa kuti Halidi Bwanali. Dzinalo tinachita kubwereka, monga ankachitira anthu ambiri kwathu ku Chiradzulu masiku amenewo.

Mu 1994 Bene analemba mayeso a Sitandade 8 kachiwiri. Anakhoza bwino, koma ku sekondale sanasankhidwe. Aliyense ankanena kuti mwana wobwereza amamuika kumbuyo posankha. Mphunzitsi wina wa pasukulu yathu ku Mpama anauza amayi kuti m'kaundula muli dzina la mnyamata wa ku Njuli amene anasiyira Sitandade 7, bambo ake atamutenga kuti akaphunzire kukhoma ndowa. Dzinalo linali lisanalembepo mayeso. Bene analitenga pamodzi ndi tsiku lake lobadwa, analemba mu 1995, ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale ina ku Blantyre. Palibe amene anaganiza zokafunsa mwini dzina. Tinkaona ngati munthu akasiya sukulu, dzina la m'kaundula alibe nalonso ntchito.

Sukuluyo Bene sanapite nayo patali. Ali Fomu 3, timu ya Mudi Stars inamuona pa mpira wa masukulu n'kumutenga kuti azisewera kutsogolo, nambala naini. Sanali wamtali, liwiro linali lapakatikati, njomba sankazikonda. Iye ankangodziwa pamene mpira ugwere. Otchinga kumbuyo ankamuiwala chifukwa ankayenda ngati munthu amene wataya makiyi, kenako mpira ukafika mumamupeza ali yekha ndi goloboyi. Chaka choyamba anagoletsa zigoli zisanu ndi zinayi. Chachiwiri anaposa aliyense mu ligi. Ochemerera anamupatsa dzina loti Shehe, ndipo mwezi wa Ramadani ankamumvera chisoni kuti akusewera ndi njala, iye atadya chipisi kuseri kwa sitediyamu, kolona ili m'khosi mkati mwa jezi.

Mu Ogasiti 2002 kochi wa timu ya dziko anamuitana. Mpira wake unali wokasewera kunja, kumadzulo kwa Africa, ndipo Bene analibe pasipoti. Lolemba anapita ku ofesi ndi mafomu ake. Kumeneko anamuuza kuti Halidi Bwanali wa ku Njuli, wobadwa tsiku lomwelo, anatenga kale pasipoti zaka zitatu zapitazo. Akuluakulu a mpira anati njira ndi imodzi: atenge pasipoti pa dzina la ubatizo, koma pakhale kalata yolumbira pamaso pa majisitireti, yosainidwa ndi anthu awiri onsewo, yonena kuti wosewera wa pa khadi la ligi ndi Benedicto Maluwa ndi munthu mmodzi. Mayina a opita anali oti atumizidwe Lachisanu masana. Pasipoti ikapanda kutuluka, malo ake atenga wina.

Ine ndimagulitsa kaunjika pa msika wa pa Boma. Lachiwiri madzulo kondakitala wa minibasi anandipatsa jumbo yochokera kwa Bene. Munali jezi yatsopano ndi kakalata. Anati iye sangachoke ku kampu, choncho ndipite kwa mwini dzina, ndimupatse jeziyo, ndimunyengerere kuti akasaine, iye adzasaina mbali yake pambuyo.

Lachitatu m'mawa ndinatsika pa Njuli. Sindinavutike kufunsa, phokoso la nyundo linanditsogolera. Che Halidi anali pansi pa kashedi ka malata akale, ndowa ili pakati pa miyendo, mbaula ndi makeni othirira zili pamzere kutsogolo. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, chikhadabo cha chala chachikulu chili bii. Wailesi inapachikidwa pa msomali pamwamba pa mutu wake. Nditatchula dzina langa, anati akundidziwa, ndine Esnart, mlongo wake wa nambala naini. Anandipatsa benchi. Ndinafotokoza zonse osabisa kanthu, kenako ndinatulutsa jezi. Anaiyang'ana, anati ndi yabwino, koma sanatambasule dzanja.

"Achemwali, ine ndikabwereka nyundo kwa mnzanga uyo, pobweza ndimapita ndekha. Sindituma mkazi wanga."

Ndinati mnyamatayo ali ku kampu, saloledwa kutuluka. Anafunsa ngati wakhala ali ku kampu zaka zonsezi. Anati minibasi ya ku Chiradzulu imadutsa pa Njuli pomwepo, ndipo iye wakhala akumuona mlongo wanga pa windo, atavala magalasi akuda. Kenako anaika nyundo pansi. Anandikumbutsa za nyuzi ya mu 2000, imene inalemba kuti Halidi Bwanali anapezeka akumwa mowa ku bala ina ku Ndirande tsiku loti mawa kuli mpira. Ine nkhaniyo ndinkaikumbukira. Kwathu tinamukalipira Bene n'kuiwala. Koma ku Njuli munthu wina anapita nayo nyuziyo ku mzikiti Lachisanu n'kuiwerenga pabwalo, anthu akuseka.

"Onse ankadziwa kuti si ine," anatero. "Koma bambo anga, a Bwanali, sanalawepo mowa moyo wawo wonse. Dzina lawo ndi limene linalowa m'balamo. Anamwalira chaka chatha osaonapo nkhope ya munthu amene anapita nalo."

Munthu akamanena zoona sindimunyengerera. Ndinabwezera jezi mu jumbo n'kufunsa kuti Bene akabwera yekha, asaina? Anati abwere kaye.

Ndinakwera minibasi ya ku Limbe, kenako ina mpaka ku kampu. Alonda anandikaniza pageti, ndiye ndinaima pa waya n'kumaitana dzina la Benedicto mpaka anzake anayamba kufunsana kuti ameneyo ndi ndani. Anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Atamva, anayamba ndi kufunsa kuti kodi munthuyo akufuna chiyani kwenikweni, mwina jombo, mwina matikiti. Ndinamuuza kuti akufuna iyeyo, ndipo akapita akavule chipewa ndi magalasiwo. Anati kochi salola munthu kujomba, akangochoka ndiye kuti wadzichotsa yekha. Ndinati andionetse kochiyo. Anati akazi salowa. Ndinalowa.

Kochi anali bambo wa imvi, wosalankhulalankhula. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti m'timu mwake alimo angati a mayina obwereka. Anyamata amene anali pafupi anayang'ana pansi. Kochi anamupatsa Bene m'mawa wa Lachinayi, mpaka 2 koloko.

Lachinayi tinafika pa Njuli dzuwa litangokwera. Akabaza anamuzindikira asanatsike n'komwe, ndipo pofika pa shedi paja tinali ndi chigulu kumbuyo. Mmodzi wa iwo anafunsa mokweza kuti pa awiriwa orijino ndi uti, fotokope ndi uti. Anthu anaseka. Bene anavula chipewa, anapinda magalasi n'kundipatsa, ndipo ananjuta pafumbi pambali pa mbaula. Munthu amene anthu zikwi makumi atatu ankamuimbira nyimbo pa sitediyamu anakhala choncho, mawondo ali m'mwamba, Che Halidi akumaliza kukhoma tako la ndowa. Sanafulumire. Anaizunguliza, anathiramo madzi kuti aone ngati ikudontha, anataya madziwo, anapukuta manja.

Pamenepo Bene analankhula. Sanatchule za pasipoti. Anati anatenga dzina osapempha, anayenda nalo malo osayenera, ndipo anachedwa kubwera mpaka mwini wake wamkulu anapita. Anati wabwera kudzabweza. Mawu ake ankamveka mpaka kwa amayi ogulitsa tomato, chifukwa akabaza aja anali atasiya kuseka.

Che Halidi anatembenukira kwa iye.

"Ndikufunse chimodzi. Chigoli cha mu fainolo ya chaka chatha chija, unamenya ndi mutu kapena ndi dzanja? Wailesi inkati mutu."

"Phewa, Che Halidi."

"Ukupita kukalumbira kukhoti lero iwe."

"Dzanja."

Anthu anafa nacho chiseko, wina mpaka anagwetsa njinga. Che Halidi anangogwedeza mutu, anati ankadziwa, chifukwa chikakhala cha mutu wolengeza amakuwa mosiyana. Kenako anaimirira n'kusuntha makeni amene anatsamira khoma la shedi. Kuseri kwake kunali lata lokhala ndi timizere tokanda ndi msomali, tisanutisanu, mizere ingapo. Anati timizereto ndi zigoli za Bene, chilichonse anachimva pa wailesi ija, za ligi ndi za makapu, ndipo ndi 61, kuwerengera cha dzanjacho.

"Dzina ndalandira. Koma izi zinagoletsedwa ndi Halidi Bwanali, zitsala kuno. Iwe ukayambire pa ziro."

Bene anati palibe vuto. Che Halidi analowa kuseri, anatuluka atavala shati yoyera ndi kofiya, pasipoti yake ili m'thumba, n'kuuza mnzake wa shedi ina kuti amuonerere katundu.

Pa Boma tinapeza amayi akudikira pakhonde la khoti ndi khadi la ubatizo, limene analisunga m'buku la nyimbo kuyambira 1979. Majisitireti anali mayi wa magalasi. Anawerenga mapepala onse kawiri, anaona kuti Benedicto ndi wamkulu kwa Halidi ndi zaka ziwiri, ndipo anafunsa ngati mpira wake ndi wa ana. Tinati ndi wa akuluakulu. Anafunsa za mphunzitsi amene anapereka dzinalo. Amayi anati anamwalira, zimene zinali zoona. Anatidzudzula tonse, makamaka amayi, ndipo amayi anavomera ndi mutu. Bene analumbira atagwira Baibulo, Che Halidi analumbira mwa chipembedzo chake. Posaina, Che Halidi analemba dzina lake pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Bene anagwira cholembera n'kuima kaye. Anali asanasainepo Maluwa chikhalire, ndipo saini yake inatuluka ngati ya mwana wa Sitandade 4.

Ku kampu anafika 2 koloko itapitirira ndi mphindi khumi, ndipo kochi anamuthamangitsa kuzungulira bwalo kakhumi. Pasipoti inatuluka Lachisanu cha m'ma 11. Lamlungu anakwera ndege.

Mpirawo tinamvera pabwalo la amayi ku Mpama, masana, wailesi ili pa mtondo wovundikira. Mawu ankabwera n'kumathawa. Chigawo choyamba Bene anali pa benchi. Chachiwiri chitangoyamba, wolengeza anati akulowa Benedicto Maluwa wa Mudi Stars, ndipo anapempha omvera kuti asadabwe, ndi nambala naini yemwe uja. Amayi anali akusola chimanga m'lichero. Anasiya, anauza mlamu wanga kuti akweze wailesi, n'kupitiriza kusola. Tsikulo Bene sanagoletse. Anamenya chitsulo kamodzi, ndipo tinagonja ndi chigoli chimodzi.

Chigoli chake choyamba pa dzina la Maluwa chinabwera mu Okutobala, ku Blantyre, ine ndili pa sitandi ya dzuwa. Mpira unachokera pa kona, unagunda munthu, unagwa pamalo opanda aliyense, ndipo iye anali pomwepo. Theka la sitediyamu linkakuwabe kuti Shehe. Koma nyuzi ya Lolemba inalemba Maluwa ndi zilembo zazikulu, ndipo ine ndinagula ziwiri, imodzi ndinaitsitsa pa Njuli.

Timu ya dziko anaisewerera zaka zisanu ndi chimodzi. Mu 2004 timu ina ya ku Nampula inamugula, ndipo ankati kumeneko Chilomwe chathu chosweka chija chinkamugulira nsomba pamsika. Anabwerako mu 2008 bondo litakana, ali ndi zaka 29 zenizeni. Pa dzina la Maluwa anagoletsa 74, khumi ndi ziwiri mwa izo atavala jezi ya dziko.