Manda a kwa Nyantomba Sadzalimidwa

Foni inalira Edda ali pamakina, akusoka yunifolomu ya mwana wa eni. Woyimbayo anali Loveness, msuweni wake wa kwa Nyantomba, m'chigwa cha Shire ku Chikwawa, ndipo sanayambe n'komwe ndi moni.

"Asuweni, manda akale akupita."

Chigumula cha mu Januwale chaka chimenecho cha 2015 chinakwirira mudzi wakale wa Nyantomba ndi mchenga wofika m'chiuno. Kankhalango komwe kankaphimba manda a makolo oyambitsa mudzi kanakokoloka konse. Tsopano kunabwera mkulu wina wa mathalakitala wofuna kudzala nzimbe pamalopo, ati pamene sipakuoneka mtumbira palibe manda. Komiti yoona za malo inapereka mpaka kumapeto kwa Epulo kuti eni ake aloze pomwe pali mandawo. Akalephera, khasu la thalakitala lilowa.

"Nanga akuluakulu a m'mudzimo?" anafunsa Edda.

"Agogo amene ankadziwa anapita ndi madzi omwewo. Otsalawa aliyense akuloza kwake. Paja mandawo anasiya kuikamo anthu ife tisanabadwe. Wotsala ndi amalume okha basi."

Amalumewo anali a Grain, bambo ake a Edda, omwe nthawi imeneyo anali khale pakhomo la kachipinda kawo ka lendi ku Umlazi, mumzinda wa Durban, akuwothera dzuwa. Anagwira ntchito zaka makumi awiri m'fakitale ina ku Mobeni mpaka sitiroko inawagwira n'kuwalemetsa mwendo wakumanzere. Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kuwathawa m'mutu pang'onopang'ono. Tsiku lina anaiwala dzina la msewu wawo womwe.

Edda anawafotokozera zonse, n'kutenga kope ndi cholembera.

"Ababa, ndiuzeni ndilembe."

"Zimenezo si zako," anayankha a Grain osamuyang'ana. "Ndiwe mwana wanga, inde, koma mbumba yako ndi ya amako. Mbiri ya kwa Nyantomba ine ndinauzidwa ndi amalume anga, ndipo ndidzauza mwana wa mlongo wanga. Ndidzauza Kenson, tikadzapita kumudzi."

"Mudzapita liti?"

"Mwendowu ukachira."

Mwendowo unali utatha zaka zitatu ukuchira. Edda anapsa mtima kwambiri, koma bambo ako suwakalipira. Anakatsanulira ukali wonsewo pa Kenson, mchimwene wake wa Loveness, amene ankayendetsa kagalimoto konyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Springfield. Kuntchito kwake onse ankamudziwa ngati Mshangani wa ku Giyani, mzinda womwe iye sanaupondeko chibadwire, poti ankabisa zoti ndi Mmalawi. Foni ya msuweni wake anayiyankha m'Chizulu, monong'ona.

"Iwe Kenson, ukulankhula ndi ine, lankhula chakwanu!"

"Eish, asuweni, muli anthu muno. Simukumva zomwe zikuchitika ku Isipingo? Anzathu akugona m'matenti. Ine takisi ya ku Umlazi sindikwera masiku ano. Zikazizira ndibwera."

Mantha a Kenson sanali abodza. Masabata amenewo alendo ankathamangitsidwa m'nyumba zawo, mashopu awo akuthyoledwa, ndipo Amalawi ambiri ankatseka pakamwa akangokwera takisi. Komatu zengerezu adalinda kwawukwawu. Mmodzi ankadikira mwendo, wina ankadikira kuti kuzizire, pamene Epulo sankadikira munthu.

Madzulo ake Edda ankayanula zovala maso ali ofiira. MaShezi, mwini nyumba yomwe ankachita lendi, anamuona. Mayiyu ankagwira ntchito kulaibulale ya m'deralo, ndipo anali m'gulu lomwe limajambula mawu a okalamba. Anamvetsera nkhani yonse m'Chizulu chopindikapindika cha Edda, kenaka anakhala pansi pa sitepe.

"Agogo anga anabwera kuno ku Umlazi pa lole, boma lakale litawagwetsera nyumba ku Mkhumbane," anatero MaShezi. "Ankafuna kundiuza za kumeneko, ine ndinkati mawa. Lero nditapita, sindingaloze ngakhale pomwe panali khomo lawo. Zimandiwawa mpaka pano. Tandiuza, mwambo wanuwo umati chiyani kwenikweni?"

"Umati auze mwana wa mlongo wawo."

"Umatinso ena onse atseke makutu?"

Edda anaganiza kaye. "Ayi, sunena choncho."

"Ndiye mwambo usaphwanyidwe. Mnyamatayo abwere, Mkhulu, bambo akowo, alankhule kwa iyeyo, foni izimvera nawo pambali. Koma uyambe wawapempha. Mawu ndi awo, sitijambula munthu mobisa. Akakuuza kuti ichi ndi cha pabanja pokha, uzimitse foniyo."

A Grain anavuta masiku awiri. Tsiku lachitatu anafuna kutchula dzina la amalume awo omwe aja, dzina linakana kubwera. Pamenepo anati, "Muitane Kenson."

Edda sanamunyengerere msuweni wakeyo. Anamuuza kuti akapanda kubwera Lamlungu, iye apita yekha ku Springfield n'kukamuitana pageti m'Chichewa, mokuwa, ndi dzina lake la kuubwana lomwe. Lamlungu m'mawa Mshangani wa ku Giyani anafika, chipewa chitaphimba nkhope.

Anadzitsekera m'chipinda, zenera lotseka. MaShezi anaika foni ya Edda patebulo n'kumuuza kuti ayambe watchula tsiku, malo, dzina la wolankhula ndi la amene anamuuza mbiriyo, kuti womva mtsogolo adzadziwe komwe mawuwo anachokera. A Grain anayamba bwino, koma posakhalitsa anasokoneza. Khwawa analiika kumadzulo, kenaka kummawa. Mayina a makolo anawabwereza kawiri, ena n'kuwadumpha.

"Zimitsani chinthucho!" anakalipa. "Ine sindinauzidwe nditakhala pampando ngati mwana wasukulu. Tinkayenda. Amalume ankaima pamtengo n'kunena za pamtengopo, tikafika pachulu n'kunena za pachulu. Muno ndiloza chiyani, firiji?"

Kenson anayamba kuvala chipewa chake, poganiza kuti zatha. Koma MaShezi atamasuliridwa mawuwo anangoti, "Ndiye ayende."

Edda anamva msanga. Anakoka thumba la zidutswa za nsalu zotsala posoka n'kutuluka nalo pabwalo. Nsalu yaitali yabuluu, yotsala pa madiresi a kwaya, anaiyala kuchokera pampopi mpaka pageti.

"Uyu ndi Shire," anatero. "Ababa, khwawa lilowe pati?"

"Panja?" anafunsa Kenson, maso ali kumsewu. "Asuweni, mutiphetsa. Aliyense wodutsa amva kuti ndife ndani."

"Amve! Kumudzi madzi atifafaniza, kunonso tidzifafanize tokha? Ine ndatopa n'kunong'ona ngati ndinaba. Gwira mkono wa amalume ako."

A Grain anatuluka ndi ndodo yawo. Anayang'ana nsalu yabuluu ija nthawi yaitali, kenaka anaikankha ndi ndodo kuti ikhote.

"Shire sawongoka choncho pa Nyantomba. Amapinda apa, pomwe ankakocheza mabwato."

Kuyambira pamenepo palibe anawafunsanso funso. Analamula kuti kansalu kobiriwira kakhale khwawa, zidutswa zoyera zikhale pomwe amayi akale ankaphika mchere wa m'dothi, ndowa ikhale mlambe waukulu wa pakati pa mudzi. Ankakoka mwendo wawo kuchoka pa chidutswa china kupita pa china, dzanja lili paphewa la Kenson, mawu akutuluka bwinobwino.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Apa ndi pomwe anafikira Nyantomba ndi ana ake aakazi atatu, pothawa ogula anthu. Anabwera pa bwato limodzi, mbewu ya mapira ataimanga m'nsalu. Apa panali mkulu wowomba nsalu za thonje. Apa ng'ona inagwira mlamu wake wa agogo ako, ndipo mpaka lero mbumba yathu situnga madzi pamenepa."

Mawu awo anakwera, poti munthu wa kuchigwa salankhulira m'mphuno. Anthu odutsa anayamba kuima pampanda. Bambo wina wonyamula botolo anakuwa m'Chizulu kuti alendowa azipita kwawo akalankhulire kumeneko chilankhulo chawocho. Kenson anatsitsa chipewa kuphimba nkhope. MaShezi anapita pageti n'kuima manja ali m'chiuno.

"Pano ndi pakhomo panga," anatero. "Mkuluyu akuphunzitsa ana ake za makolo awo. Iwe ungatchule agogo a agogo ako?"

Edda naye sanabwerere m'nyumba. Anakweza foni m'mwamba kuti imve bwino.

"Pitirizani, ababa. Mokweza."

Bambo wa botolo uja anatukwana n'kumapita. Amayi awiri anatsala pampanda, ndipo mmodzi anafunsa kuti mkuluyo akuti chiyani. Amene anawamasulira anali Kenson. Anayamba monong'ona, kenaka anavula chipewa n'kuwauza kuti mudzi womwe akuwuona pansipo ndi kwawo, ku Malawi.

Tsopano a Grain anaima pa ndowa ija.

"Mlambe uwu madzi sangaugwetse. Uime apa, msana uloze kumtsinje, nkhope iyang'ane kuphiri. Uwerenge mapazi makumi asanu ndi awiri a munthu wamkulu. Pamenepo ndiye pakhomo pa manda. Nyantomba agona kudzanja lamanja, ana ake motsatana kumunsi kwake. Pamutu pa aliyense anavundikirapo mphika woboola pansi. Mitumbira ingasalale, koma miphikayo ikadali m'dothi."

Anatchula mayina khumi ndi anayi osaphonya ngakhale limodzi, Kenson akubwereza pambuyo pawo. Atafika pa mawu omwe amanenedwa polowa m'mandamo, anakweza dzanja. Edda anazimitsa foni n'kupita kukaima kumpopi, ndipo mawu amenewo anamva Kenson yekha.

Ntchito sinathere pabwalopo. MaShezi anawachenjeza kuti foni imabedwa, imagwa m'madzi, choncho mbiri isagone malo amodzi. Masiku atatu otsatira Edda ankamvetsera mawuwo n'kumalemba m'kope momwe analankhulidwira, osakonza kapena kukometsera. Zidutswa zija anazisokerera pa nsalu imodzi yaikulu monga momwe zinayalidwira, n'kulemba dzina la malo aliwonse. Mawuwo anawakopera pa timakhadi titatu. Kamodzi kanatsala ndi Edda, kena ndi Kenson, kachitatu anakakulunga pamodzi ndi kope ndi nsalu ija n'kupatsira Halimah, mayi wa ku Mangochi amene ankapita kumudzi pa basi ndi katundu wake wa geni. Loveness anakamudikira ku Blantyre.

Kutatsala masiku anayi kuti Epulo athe, anthu a kwa Nyantomba anasonkhana pansi pa mlambe pamaso pa a komiti. Anayala nsalu ija pamchenga, n'kuika kakhadi m'foni kuti onse amve mawu a a Grain. Loveness anapereka msana kumtsinje n'kuwerenga mapazi. Anakumba mosamala ndi makasu ndi manja, ndipo dzuwa lisanafike pamutu khasu linagunda mphika woboola pansi. Pofika masana anali atapeza isanu, yondandalikana monga momwe mawuwo ananenera. A komiti analamula kuti malowo atchingidwe ndipo thalakitala isayandikire.

Uthengawu unawapeza a Grain ali m'chipatala. Sitiroko yachiwiri inali itawagwira sabata yomweyo, ndipo ulendo uno inatenga pakamwa. Edda anawaonetsa chithunzi cha miphika chomwe Loveness anatumiza. Anachiyang'anitsitsa, milomo ikugwedera, koma mawu sanatuluke. Edda analira, chifukwa anazindikira kuti akanachedwa ndi masabata awiri okha, zonse zikanatsekeredwa m'mutumo.

Kenson anagwada pambali pa bedi. Muwodimo munali modzaza anthu, manesi akudutsadutsa, koma iye anayamba kutchula mayina aja mokweza, m'chilankhulo cha kwawo, kuyambira pa Nyantomba. Pa dzina lililonse a Grain ankagogoda chala pa bulangete. Anagogoda kakhumi ndi kanayi.

Lero ana a sukulu ya kwa Nyantomba amaphunzira mbiri ya mudzi wawo pa nsalu ija, ndipo mabanja ena a kuchigwa okhala ku Durban ayamba kubwereka nzeruyi.

Mbiri ya kwanu isadikire tsiku labwino, chifukwa okalamba athu sadzakhala nafe mpaka kale. Afunseni lero. Apempheni chilolezo, lemekezani mwambo wawo, ndipo aloleni afotokoze m'njira yomwe iwo anaphunzirira. Jambulani, lembani, sungani m'malo angapo, ndipo uzani ana anu. Musalole madzi, mtunda kapena mantha kukulandani dzina la kwanu.