Fani Imene Bambo Anasiya

"Taonani nokha, amayi. Injini ikulira, fani ili duu."

Bwana anali ataweramira m'boneti ya pikapu ya malemu bambo ake, tayi atayiponyera kumsana kuti isakhudze girizi. Dzina limeneli anam'patsa ndi bambo akewo, amakaniko, iye akadali mwana, chifukwa ankati akagwira sipanala kamodzi amakasamba m'manja kawiri. Tsopano anali bwana ndithu, wa ofesi yakeyake, ndipo panali patatha masiku asanu chiwaikire m'manda bambowo.

Amayi ake anaima pakhomo la shedi atanyamula thireyi ya mazira. Nkhuku sizidziwa maliro. Zinaikirabe sabata yonseyo, mathireyi mpaka anadzaza kunsi kwa tebulo, koma wopita nawo kumashopu ndiye panalibenso.

Bwana analowa m'galimoto, anazimitsa injini n'kutuluka akusisita bondo, poti mpando unali pafupi kwambiri ndi chiwongolero ndipo unakana kubwerera m'mbuyo. Analoza pakhoma pamene fani yakale yachitsulo inapachikidwa pamsomali. M'malo mwake, kuseri kwa rediyeta, bambo ake anali atamangirira ina yapulasitiki, yakuda, yokhala ndi mawaya awiri.

"Munthu n'kuchotsa fani yogwira ntchito, n'kuikapo chidole. Amayi, tisabisane. Miyezi yomaliza ija mutu wa bambo sunali bwino."

Mawuwo anam'pweteka yekha asanawamalize n'komwe. Bambo ake ankadziwa vuto la injini pongoimvera ali chapatali, ndipo kuganiza kuti ntchito yawo yomaliza inali yolakwika kunam'mvetsa chisoni kuposa bokosi la maliro lenilenilo. Koma iye ndiye anali mwana woyamba, ndipo wina anayenera kulankhula zosakoma.

"Wogula zitsulo abwera mawa," anapitiriza. "Nkhuku tizipezera munthu. Inu mubwera kwathu, chipinda takonza kale."

"Chija chapamwamba chija? Ndizikasuzumira pawindo ngati mphaka?"

"Nanga mazirawa azipita okha? Inu simuyendetsa, galimoto nayo ndi imeneyi. Mukufuna anthu azinena kuti ndakutayani?"

Amayiwo anatsitsa thireyi pang'onopang'ono, n'kupukuta manja.

"Liza injini."

"Amayi, injini ipsa."

"Liza, ndipo usazimitse mpaka nditanena."

Anadzipanikizanso pampando paja n'kuliza. Amayi ake anatsamira pawindo, maso ali pa kamuvi kosonyeza kutentha, monga anachitira zaka makumi atatu ali pampando wapambali.

"Ukukumbukira mzere wa magalimoto wa pamsika?" anatero. "Fani yakale ija inkayendera lamba wa injini. Injini ikathamanga, nayo inkathamanga. Tikaima pamzere, iyo n'kumazungulira mwaulesi, madzi n'kuwira. Bambo ako ankatsika ndi kansanza ndi chigubu, anthu akuimba mahutala kumbuyo, iwo akuwaweyulira ngati akuwapatsa moni."

"Ndikukumbuka."

"Nanga chala chawo chachifupi chija? Inachidula ndi fani yomweyo, ine ndikuona. Kuyambira tsiku limenelo boneti ikatsegulidwa ndinkaima kutali."

Kamuvi kanafika pakati. Kanadutsa pang'ono. M'shedimo munayamba kununkha chitsulo chotentha, ndipo Bwana anamva thukuta likutsika kumsana. Anasuzumira kudzera pampata wa boneti: fani inali chikhalire. Anatambasula dzanja kuti agwire kiyi, koma amayi ake anam'gwira pamkono. Sanadziwe kuti dzanja lotola mazira lingakhale ndi mphamvu chotero.

"Dikira. Iwe kudikira kunakuvuta chibadwire."

Kenaka kanthu kena kanalira kuti tha, ndipo fani ija inadzuka ndi mkokomo, fumbi ndi nthenga za nkhuku n'kuuluka pansi pa galimoto. Kamuvi kanaima, kanaganizira kaye, n'kuyamba kutsika. Patapita kanthawi fani inazima yokha.

Bwana anabweza dzanja lake.

"Iyi imayendera batire," anatero amayi ake. "Siwira mtima ngati iwe. Imadikira injini itenthe, ndiye imadzuka, kaya galimoto ikuyenda kaya yaima. Milungu itatu anakhala akuimanga, akagwira mphindi khumi n'kukhala pansi kupuma. Atamaliza anati, 'Amake Bwana, simudzatsegulapo boneti pamsewu.'"

"Simudzatsegula? Inuyo?"

"Tsika."

Anatsika n'kutseka boneti. Amayi ake anakwera, anakhala, ndipo mpando umene unam'finya iye uja unawakwana ndendende. Anaponda kilatchi, analowetsa giya yobwerera m'mbuyo popanda kuyang'ana, pikapu n'kusuntha bwinobwino mpaka kutuluka m'shedi. Pabwalo anaimitsa n'kukoka buleki yapamanja.

"Ankandiphunzitsa Lamlungu lililonse masana, kuseri kwa bwalo la mpira," anatero osamuyang'ana. "Tinayamba sabata imene adokotala anawauza zoona. Laisensi ndinatenga iwo atagonekedwa kale m'chipatala, ndinakawaonetsa pabedi. Anati ndisakuuze msanga, ungawaletse kugwira sipanala."

Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kulira, kulira kwa munthu amene alendo apita ndipo palibenso womutonthoza mwamwambo. Bwana anachita manyazi kwambiri. Iye ankati bambo ake asokonezeka, pamene iwo ankakonza za mawa limene ankadziwa kuti sadzaliona.

Bwana anagwada pafupi ndi chitseko, ndipo m'pamene anaona kumapazi kwa amayi ake. Pa kilatchi ndi pa buleki panali timatabwa tomangidwa ndi mabawuti, topalidwa mosalala kuti tisakole nsapato. Pansi pa mpando panali mabowo atsopano anayi.

"Wogula zitsulo uja umuuza chiyani?" anafunsa amayiwo akupukuta maso.

"Ndimuuza kuti asavutike."

"Ndiye tenga mathireyi. Bwinotu, shati yakoyo."

Koma Bwana sanadzuke msanga. Anasuntha phazi la amayi ake pang'ono, n'kupukuta fumbi pa kathabwa ka kilatchi ndi mkono wa shati yake yoyera ija. Pansi pa fumbilo panaoneka mzere wa pensulo, wokhotakhota chifukwa cha kunjenjemera kwa dzanja, pamene bambo ake anazunguliza nsapato ya mkazi wawo poyeza.